Kalata yotseguka: anthu a kuphiri tikupempha gombe lotetezeka ku Nyanja ya Malawi

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za zokopa alendo, abwanamkubwa a maboma a Mangochi ndi Salima, akuluakulu a nthambi yoona za maulendo a pamadzi, ndi mafumu athu a m'mbali mwa nyanja.

Landirani moni kuchokera kuno kunsi kwa phiri. Amene tikulemba kalatayi ndife operekeza alendo m'phiri la Mulanje, madalaivala a mabasi a hayala, ndi aphunzitsi amene amakonza maulendo a magulu ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo kupita kunyanja. Pempho lathu ndi limodzi: tipatulireni gombe la anthu wamba, lokonzedwa bwino, loti gulu likafika lidziwe poimika basi, posambira, podzithandizira ndi munthu womukuwira zinthu zikavuta.

Nkhani ya zokopa alendo ikamakambidwa m'misonkhano, maso amakhala pa mlendo wotsikira pa Chileka kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu. Ameneyo ndi wofunika, ndipo ena a ife timadyera pa iye. Koma imani pa Liwonde m'mawa wa pa 15 October, tsiku la anakubala, kapena pa Khirisimasi ndi Lolemba la Pasaka, muwerenge makosita ndi maminibasi olowera ku Mangochi. M'menemo muli makwaya, amayi a banki mkhonde, ana a Folomu 4, magulu a achinyamata a mumpingo, ndi othyola tiyi amene akhala akusonkherana mwezi ndi mwezi kuti akaone nyanja koyamba. Anthu amenewa amagula mafuta a galimoto, chambo chootcha, usipa wopita nawo kumudzi, zipewa za mlaza, ndipo amalipira boti. Ndalama zawo zimatsalira m'manja mwa anthu a m'gombe tsiku lomwelo. Komabe palibe malo amene anawakonzera.

Tiyambe ndi ulendo weniweniwo, chifukwa mavuto ambiri a pagombe amabadwira pamsewu. Gulu lochokera pa Chitakale limadzera msewu wa Midima kukafika ku Limbe, kenako msewu wa M3 kudutsa Zomba ndi Liwonde mpaka Mangochi. Ena amadula njira podzera ku Phalombe ndi pa Jali n'kukatulukira ku Zomba. A ku Thyolo amadzera pa Bvumbwe. Kudzera ku Limbe, ulendo wa ku Mangochi umaposa makilomita 250, ndipo ofuna Cape Maclear amaonjezera enanso pafupifupi 80 pa msewu wa ku Monkey Bay ndi kamsewu kokhotakhota kodutsa m'mapiri. Kosita yodzaza, poonjezera ma rodibuloko ndi kuima kuti anthu adzithandize, imatha maola 6 kapena kuposa. Choncho gulu limanyamuka m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, limafika m'ma 10 kapena 11, ndipo pofika 3 koloko masana dalaivala wayamba kale kuliza hutala. Maola a pagombe ndi anayi basi. N'chifukwa chake anthu 30 amathamangira m'madzi nthawi imodzi, dzuwa lili paliwombo, ena asanadye kanthu, wina aliyense akufuna kubweza ndalama yake. Dalaivala yemweyo, amene sanagone mokwanira ndipo wakhala tsiku lonse m'basi yotentha akulondera katundu, ndiye adzayendetse usiku pobwerera. Gombe la anthu wamba likhale ndi chisakasa choti madalaivala agonepo maola awiri kapena atatu, malo osungira katundu okhala ndi loko, ndiponso, ngati khonsolo ingathe, holo yotchipa yokhala ndi mphasa ndi maneti yoti gulu ligone n'kubwerera m'mawa.

Likafika gululo, limapeza mipanda. Kuchokera ku Mangochi kulowera ku Monkey Bay, ndiponso ku Senga Bay, mchenga wabwino wambiri uli kutsogolo kwa mahotela, maloji ndi nyumba za makampani. Eni malowo amalipiritsa polowa mutu uliwonse, ndipo ambiri salola chakudya chochokera kunja. Sitikuwadzudzula, ndi malonda awo, ndipo amasamala malo awo. Koma amayi amene aphika mpunga ndi nkhuku usiku wonse n'kulongedza m'mabigili sangasiye mapoto m'basi n'kukagula mbale ya ku hotela. Zikatero wina amaloza njira yodutsa m'mudzi, gulu n'kukathera pa doko la asodzi kapena pafupi ndi bango pamene palibe wolipiritsa. Pamenepo ndiye pali maukonde, zingwe za nangula, mapulopela a injini, mabotolo osweka, nkhono za likodzo, ndipo pafupi ndi pamene mitsinje imathira, kapena kumene Shire amatulukira, pamakhala ng'ona ndi mvuu. Amene sadziwa nyanja ndiye akusambira pamalo oipitsitsa.

Posankha malo a gombelo musangotenga amene atsala opanda wowafuna. Pakhale mchenga woyera wotalika mamita osachepera 200, poonekera, pamene mafunde amatsuka, popanda bango ndi udzu wa m'madzi, kutali ndi mathiriro a mtsinje. Pansi pake pazitsetsereka pang'onopang'ono, ndipo zimenezi aziyeze ndi nsungwi yolembedwa mamita, munthu akuyenda m'madzimo mizere ingapo, chifukwa malo ena munthu amayenda madzi ali m'chiuno kenako phazi lotsatira n'kusowa pansi. Mafumu, a Nankumba, a Mponda ndi a Maganga, pamodzi ndi makomiti a m'magombe aja amatchedwa ma BVC, akhale nawo kuyambira tsiku loyamba. Asodzi asathamangitsidwe pa doko lawo kuti ife tisambe, ayi. Mungolekanitsa: mabwato uku, osambira uku, pakati chingwe. Malowo akadziwika ayezedwe, aikidwe miyala ya malire, alembedwe m'mabuku a khonsolo kuti ndi a anthu onse, kuopa kuti pakapita zaka zitatu tingadzapeze wina wamangapo mpanda wa njerwa.

Zomanga zonse zikhale kumtunda kwa pamene madzi anafika mu 2024. Chaka chimenecho nyanja inakwera kuposa mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, zimene sizinaoneke kwa zaka zoposa 40, ndipo maloji ndi nyumba zambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zinalowa madzi. Zotsekera madzi za pa Liwonde zili ndi malire ake, sizingatulutse madzi onse nthawi imodzi popanda kumiza anthu a kuchigwa cha Shire. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ife a kuno tinaziona ndi namondwe wa Freddy mu March 2023. Zizindikiro za madzi a 2024 zikuonekabe pa makoma ndi pa mitengo. Womanga ayambire pamenepo. Ngakhale chaka chabwinobwino nyanja imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi, imadzaza kwambiri cha mu April ndi May n'kuphwera cha mu November ndi December. Malo osambira amene munayeza mu October sakhala omwewo mu April.

Tsopano nkhani ya kumira, imene ndi yaikulu pa zonse. Mwana wa ku Mulanje amene amasambira m'madziwe a Likhubula, Ruo kapena Thuchila amadziyesa katswiri, koma dziwe la mumtsinje lili ndi mwala woti augwire pa mikono iwiri kapena itatu. Nyanja ilibe mwala pafupi. Madzi ake ndi oyera moti pansi pamaoneka pafupi pomwe ndi pakuya, komanso si amchere, sayandamitsa munthu ngati nyanja za ku Mozambique zimene ena anamva mbiri yake. Ambiri amalowa ndi jinzi kapena chitenje, zovala zimene zikanyowa zimalemera ndi kukulunga miyendo. Onjezerani mowa umene wakhala ukuyenda m'basi kuyambira pa Zomba. Ndipo munthu womira sakuwa monga anthu amaganizira. Amaima chilili m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakulowa ndi kutuluka, manja akumenya madzi m'mbali, ndipo pasanathe mphindi imodzi wasowa. Anzake ali pomwepo amayesa akusewera. Imfa yachiwiri imabwera mnzake wosaphunzira kupulumutsa akalumphira kuti amugwire, womirayo n'kumukakamira pakhosi.

Zotetezera zimenezi si zodula. Pafunika zingwe ziwiri zoyandama zomangidwa ndi zigubu za malita 5 zotseka bwino, chigubu chimodzi pa mamita awiri alionse, zopakidwa penti yowala, zomangirira ku mabuloko a simenti pansi. Chingwe choyamba chikhale pamene madzi afika theka la mita, malo a ana ndi amene sadziwa kusambira. Chachiwiri chikhale pa mita 1.2, m'chifuwa mwa munthu wamkulu, ndipo kupitirira pamenepo kukhale koletsedwa kwa gulu la tsiku limodzi. Zingwezi zizisunthidwa mwezi uliwonse potsatira madzi. Kumtunda kukhale mpando wautali mamita awiri woti wolondera aziona mitu yonse, ndi alonda osachepera awiri nthawi iliyonse, atatu kapena anayi pa masiku a tchuthi, osinthana pa mphindi 30 zilizonse chifukwa maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi. Aliyense akhale ndi wenzulo. Pafupi pakhale chingwe choponya cha mamita 20 chomangirira ku chigubu kapena mkombero woyandama, nsungwi yaitali, bwato limodzi lokhala chire ndi nkhafi zake, ndi mbendera: yofiira ndi yachikasu kusonyeza posambira, yofiira yokha kusonyeza kuti lero m'madzi simulowedwa. Alondawo musakawafune kutali. Anyamata a m'midzi ya asodzi amasambira kuposa wina aliyense m'dziko muno, ndipo ambiri amangoyendayenda pagombe kufuna alendo. Chimene akusowa ndi maphunziro a kapulumutsidwe ndi chithandizo choyamba, yunifolomu, ndi malipiro odalirika. Ku Monkey Bay kuli sukulu ya za maulendo a pamadzi, ndipo a Red Cross amaphunzitsa kale chithandizo choyamba.

Maphunzirowo athetse chizolowezi china chimene chimapha anthu amene akanapulumuka: kumudinda womirayo pamimba kapena kumuzondotsa kuti asanze madzi. Kutero kumangotaya nthawi ndi kukankhira zam'mimba m'mapapo. Munthu akavuulidwa ndipo sakupuma, agonekedwe chagada pa mchenga wolimba, chibwano chikwezedwe, apumiridwe mpweya m'kamwa kasanu, kenako adindidwe pakati pa chifuwa ka 30, mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, n'kupumiridwanso kawiri, kubwereza chomwecho osaleka mpaka atayamba kupuma kapena achipatala atafika. Akayamba kupuma agonekedwe chammbali ndi kufunditsidwa. Ngakhale atadzuka n'kumanena kuti ali bwino, apite kuchipatala, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kudzavuta patapita maola, basi ili pakati pa Liwonde ndi Zomba usiku. Chikwangwani cha pagombe chilembe chipatala chapafupi, mtunda wake ndi nambala ya ambulansi. Ku Senga Bay chipatala chachikulu cha boma, cha pa Salima, chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndiye poyambira ndi pagombe pomwepo.

Mphepo ndi nkhani imene anthu a kuno saidziwa, ndipo nyengo ya maulendo athu imatiika m'kamwa mwake. Ntchito ya tiyi imachuluka nthawi ya mvula, kuyambira December mpaka April, ndipo anthu amapeza mpata miyezi yozizira. Sukulu nazo zimakonza maulendo cha kumapeto kwa chaka cha maphunziro, mu June ndi July. Imeneyi ndiyo nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakummawa imene imatha kuomba masiku angapo osaleka kuyambira May mpaka August kapena September. Kawirikawiri chiperoni chikatiphimba kuno, ndiye kuti kunyanja mwera wautsa mafunde, chifukwa zonsezi zimabwera ndi mpweya umodzi. Mwera suchita mofanana paliponse. Ku Senga Bay, kumene gombe linayang'ana kummawa, mafunde amamenya kumtunda ndipo aliyense amaona kuti kwaipa. Ku Chembe, ku Cape Maclear, mapiri amatchinga mphepo, madzi a m'mphepete amakhala bata, koma mphepoyo imakankhira kunyanja. Mwana wokwera pa chubu cha galimoto amatengedwa pang'onopang'ono, pozindikira ali kale kutali, ndipo akachita mantha n'kutsika pa chubucho ndiye kuti zatha. Machubu obwereketsa aloledwe m'kati mwa chingwe mokha. Nthawi ya mvula nayo ili ndi mpoto ndi mikuntho yobwera mwadzidzidzi masana, ya ziphaliwali, ndipo bingu likangomveka anthu onse azituluka m'madzi.

A nthambi ya zanyengo amalengeza ndithu za mwera, koma uthengawo umalunjika kwa asodzi ndi oyenda panyanja. Mphunzitsi wa ku Thekerani kapena ku Muloza amene walipira kale basi saganiza kuti ukumukhudza. Tikupempha kuti chenjezoli lizinena mwachindunji za magulu okasambira, lizimveka pa wailesi za kuno monga Mzati, ndipo gombe lililonse likhale ndi nambala ya foni yoti wokonza ulendo aimbe dzulo lake n'kufunsa mtundu wa mbendera.

Za maboti tinene mosapsatira. Gulu likafika, eni maboti amalizungulira ndi mitengo ya ulendo wopita ku chilumba cha Thumbi kukaona tinsomba tokongola ta m'miyala totchedwa mbuna, ndi nkhwazi. Ulendowo ndi wokoma, ndipo ndi umene umaonetsa mwana chifukwa chake malo osungira zachilengedwe a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, anaikidwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Vuto ndi lakuti mtengo umakambidwa pa boti lonse, choncho gulu limadzazana kuti aliyense alipire zochepa, ndipo mwini boti safuna kubweza kasitomala. Majekete oyandamitsa amakhalapo ochepa, ena ong'ambika malamba, ndipo pafupifupi onse ndi a akuluakulu. Jekete la munthu wamkulu pa mwana wa Sitandade 4 limavuka kudzera kumutu akangogwera m'madzi. Boti lililonse lonyamula alendo lilembedwe ndi penti m'mbali nambala yake ndi chiwerengero cha anthu ololedwa, likhale ndi jekete la munthu aliyense kuphatikizapo a ana okhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, nkhafi ziwiri, chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake, mafuta otsalira, ndi foni yosungidwa m'chinthu chosalowa madzi. Pagombe pakhale buku lolemba dzina la boti, anthu amene akwera, nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Kuno kuphiri mlendo amalembetsa pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula asanakwere, n'kutenga womuperekeza, ndipo akachedwa kutsika anthu amadziwa njira yokamufunira. Kunyanja kungathekenso chimodzimodzi. Wina akamati boti lake ndi lalikulu silingachite kanthu, akumbutsidwe kuti sitima ya Vipya inamira ndi mphepo mu July 1946 ndipo anthu 145 anafa.

Likodzo ndi nkhani imene eni malo ena safuna kuti itchulidwe poopa kuthawitsa alendo. Kubisa n'kumene kumaononga malonda, chifukwa munthu akadwala amakauza mudzi wonse. Kayendedwe ka matendawa n'kodziwika. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono, timachulukana kwa milungu ingapo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la munthu wosamba kapena wongoima m'madzi. Kale anthu ankati nkhonozi zimakhala m'bango mokha, koma kummwera kwa nyanja kuli mtundu wina umene umakhala mumchenga poyera, ndipo unachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa chopha nsomba mopyola muyeso m'mphepete, makamaka ndi maukonde a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu. Ndiye kuteteza nsomba za m'mphepete ndi mbali ya kuteteza osambira. Kudzipukuta ndi thaulo sikokwanira. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa poyeza sikelo, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, kotero munthu wolemera makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi a mamiligalamu 600, atadya kaye. Cholakwika chofala ndi kumwa tsiku lobwerera kapena mawa lake. Mankhwalawa sapha tizilombo tikadali tating'ono, choncho munthu adikire milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku limene anasamba, ndipo akalandire kuchipatala osati pa okala. Chikwangwani chinene zimenezi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi, chitchulenso zizindikiro: kuyabwa pakhungu, kutentha thupi, magazi kumapeto kwa mkodzo, ndi kwa amayi kupweteka m'chinena ndi kutaya magazi kumene nthawi zina kumasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana, n'kuyambitsa mikangano m'banja popanda chifukwa.

Apa ndi pamene chimbudzi chimasanduka chinthu chachikulu kuposa chipata chokongola. Anthu 60 otsika basi atakhala maola 6, akapanda kuona chimbudzi, amalowa m'madzi. Gululo limatenga likodzo ndi kulibzalanso. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo Mangochi, ndipo chimbudzi ndi madzi akumwa ndizo zinali pakati pa nkhaniyo. Zimbudzi zikhale pafupi ndi poimika mabasi kuti zikhale zoyamba kuoneka, mamita osachepera 30 kuchokera pa malire a madzi a 2024, ndipo maenje ake amangidwe ndi njerwa ndi simenti chifukwa dzenje la mumchenga limagumuka komanso limadontha. Zipinda za amayi zichuluke kuposa za abambo, zikhale ndi posinthira zovala. Mtengo wake ulowe mu tikiti ya basi yonse pachipata. Mukaika munthu wotolera ndalama pakhomo la chimbudzi, ana onse abwerera kunyanja. Pakhalenso mpope kapena thanki ya madzi othira klorini, ndi ndowa zosambira m'manja pamene amayi amagulitsa nsomba ndi mandasi.

Kutentha tingokutchula mwachidule. Nyanja ili m'chigwa, ndipo mu October ndi November Mangochi amapitirira madigiri 35, pamene thupi la munthu wa ku Thyolo linazolowera mphepo ya m'minda ya tiyi. Okalamba amakomoka, ana amapsa mapazi ndi mchenga. Pafunika zisakasa za udzu ndi mitengo ya mthunzi, makamaka poganizira abale athu achialubino, amene khungu lawo silipirira dzuwa la masana ngakhale atadzola mafuta oteteza. Ogona konko agone m'neti, ndipo wotentha thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri akayezetse malungo. Za zinyalala, lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala lilipo kuyambira 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linalitsimikiza mu 2019. Pagombe onjezerani kuletsa mabotolo agalasi pamchenga, ndipo basi iliyonse izipatsidwa matumba awiri pachipata n'kuwabweza odzaza potuluka.

Mudzafunsa za ndalama. Alendo ogona m'mahotela amalipira kale msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti, ndipo si kulakwa kupempha kuti gawo lake ligule zingwe, majekete ndi mipando ya alonda. Zotsalazo zichokere pachipata: mtengo umodzi pa minibasi, wina pa kosita, wina pa basi yaikulu, wolembedwa pa chikwangwani, wokhala ndi lisiti, wotsikirapo kwa ana a sukulu. Mtengo wa pa galimoto ndi wosavuta kuwerengera kusiyana ndi wa pa mutu, ndipo umachepetsa mikangano ndi kusolola. Ndalamazo zikhale ndi akaunti yakeyake, malipiro a alonda ndi osesa azituluka poyamba, mudzi wopereka malo uzilandira gawo lodziwika, ndipo ziwerengero zizimatidwa pachipata mwezi uliwonse. Zikalowa m'thumba lalikulu la khonsolo, tonse tikudziwa kuti chingwe chikaduka chidzatha chaka chisanalumikizidwe.

Nafenso a kuno tili ndi mbali yathu, ndipo tikupempha maofesi a zamaphunziro ku Mulanje ndi ku Thyolo kuti aiike m'malamulo a maulendo a sukulu. Kalata ya chilolezo cha kholo izinena ngati mwana amadziwa kusambira ndiponso ngati ali ndi khunyu, chifukwa mwana wakugwa akagwidwa m'madzi ofika m'mawondo amamira. Pakhale wamkulu mmodzi pa ana 10 alionse, ataima m'madzi chakunyanja kwa anawo, nkhope kuyang'ana kumtunda, foni atasiya m'basi. Ana alowe m'magulu osapitirira 20, awiriawiri, ndipo wenzulo ikalira aliyense agwire dzanja la mnzake kuti awerengedwe. Awerengedwenso potsika, pokwera boti, ndi basi isanalize injini. Ulendo wopitirira Mangochi ukhale wogona kapena wa madalaivala awiri. Sukulu zimene zingathe zisunthire maulendo awo kumapeto kwa September kapena October, pamene mwera wagwa, madzi ayera, ndipo mvula sinayambe.

Pali phindu lina limene likutayika. Mu 2025 phiri la Mulanje nalo linalowa pa mndandanda wa UNESCO, ndipo mlendo wotsika ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ya mamita 3,002, miyendo ikuwawa, funso lake loyamba limakhala la njira ya kunyanja. Pakadali pano timamuuza kuti akwere minibasi ya ku Limbe, asinthe ya ku Mangochi, asinthenso ya ku Monkey Bay, kenako matola kapena njinga yamoto, ulendo wa tsiku lathunthu. Galimoto imodzi yodalirika, yonyamuka pa Chitakale kapena Likhubula masiku awiri odziwika pa sabata kudzera ku Phalombe ndi Zomba, ingatumikire alendo akunja ndi mabanja a kuno omwe, ndipo pobwerera ingabweretse anthu a kunyanja kudzaona minda ya tiyi ndi Dziwe la Nkhalamba, kumene nakonso kukufunika chingwe, chikwangwani cha kuya kwa madzi ndi mlonda wophunzitsidwa. Unduna ungathandize poitana eni mabasi ndi eni malo ogona a mbali zonse ziwiri kuti agwirizane za masiku ndi mitengo.

Sitikupempha magombe khumi nthawi imodzi. Yambani ndi awiri, limodzi pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, lina ku Senga Bay. Malo asankhidwe ndi kuyezedwa madzi akadali okwera, mu April kapena May, alonda aphunzitsidwe miyezi ya mwera pamene alendo ali ochepa, zimbudzi ndi zisakasa zimangidwe mu August ndi September, kuti pofika 15 October zingwe zikhale zili m'madzi. Mukatero mutidziwitse kudzera kwa abwanamkubwa a Mulanje ndi Thyolo dzina la malowo, mtengo wa pachipata ndi nambala yoimbira, ndipo ife tidzazifikitsa m'sukulu, m'mipingo, m'makomboni a m'maesiteti ndi m'masiteji a mabasi a Chitakale, Luchenza, Limbuli ndi Thyolo boma.

Ndife anu,
Operekeza alendo, madalaivala ndi aphunzitsi okonza maulendo a magulu,
Mulanje ndi Thyolo